Kusankha galimoto yakale yothamanga ya manual yoti ipirire misewu ya Salima ndi Nkhotakota

Kagalimoto kopepuka, kosintha magiya ndi dzanja, kamene kamadzuka mukangoponda moto, kamakoma kuyendetsa kuposa galimoto zambiri zatsopano zodula. Ndipo poti ogula ambiri akuthamangira za otomatiki, ya manual yakale nthawi zina imapezeka pamtengo woti munthu wapantchito angaufikire. Chovuta n'chakuti galimoto zamtunduwu eni ake akale sankazinyengerera poyendetsa, ndipo kuno kunyanja zimakumana ndi adani atatu: kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, maenje ndi mahampu, komanso mtunda wokapezera masipeya. Kuchoka ku Salima kukafika ku Biwi mu Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo wa ku Nkhotakota boma amayenda kawiri mtunda umenewo. Choncho galimoto yabwino kuno ndi imene injini yake makaniko wa pa Kamuzu Road amaidziwa, imene siikhula pansi, ndiponso imene siiwira.

Yambani ndi msewu wanu ndi thumba lanu

Musanatsegule Facebook kuyang'ana zithunzi, ganizirani kumene galimotoyo izidzapita sabata iliyonse. Ngati ndi tala wa ku Senga Bay ndi M14 yopita ku Lilongwe, muli ndi ufulu wosankha. Ngati mumadutsa M5 kulowera ku Benga, Chia mpaka Dwangwa, kapena kwanu kumafikika podzera msewu wa mchenga umene umasanduka matope dzinja likafika, nyamulani tepi yopimira popita kukaona galimoto. Pimani kuchokera pansi kufika pachitsulo chotsika kwambiri, chimene nthawi zambiri chimakhala sampu (chibeseni chosungira oyilo cha pansi pa injini) kapena paipi ya ekizozi. Ikapanda kukwana masentimita 14 galimoto ili yopanda anthu, dziwani kuti mutakweza anthu anayi izidzakhula pahampu iliyonse, ndipo sampu ikabooka oyilo amatha m'mphindi zochepa.

Pa ndalama, gawani zimene muli nazo panayi. Magawo atatu ndiwo mtengo wa galimoto. Gawo lachinayi musalikhudze: ndi la matayala, kilatchi, lamba wa taiming'i, inshuwalansi, COF ndi kusintha umwini. Amene amathera ndalama zonse pogula ndi amene galimoto zawo zimagona pamiyala kuseri kwa nyumba.

Mitundu yoyenera kuiganizira

Yosavuta kusunga kuposa zonse ndi Toyota Vitz RS ya 1.5, makamaka ya 2005 mpaka 2010. Injini yake, 1NZ-FE, ndi yomweyo ili mu Probox, Sienta, ist ndi Corolla zambirimbiri zimene zadzaza misewu yathu. Ili ndi tcheni cha taiming'i osati lamba, imamwa petulo wamba mosadandaula, ndipo ngakhale mphamvu zake zili cha m'ma 110 PS okha (PS ndi muyeso wa mphamvu za injini), thupi lake n'lopepuka moti magiya ake asanu amakupatsani chisangalalo chenicheni. Amene akugula galimoto yotere koyamba ayambire apa. Honda Fit RS ya GE8 ndi Mazda Demio Sport ya 1.5 zili m'gulu lomweli, kungoti za manual n'zosowa, ndipo giyabokosi ikafa mungadikire nthawi yaitali kuti mupeze ina.

Suzuki Swift Sport ya ZC31S, ya injini ya M16A ya 1.6 ndi 125 PS, imakhota bwino kuposa Vitz. Mabushi, magalasi ndi zina za thupi zimagwirizana ndi Swift wamba, koma za mkati mwa injini mudzachita kuitanitsa.

Kwa amene akufuna liwiro lenileni popanda turbo (chopopera mpweya wochuluka mu injini), pali banja la injini ya 2ZZ-GE ya 1.8: Corolla RunX Z ya ku Japan, RunX RSi ya ku South Africa, Allex RS180, Fielder Z Aero Tourer ndi Celica ya ZZT231. Za manual zili ndi magiya 6, ndipo za ku Japan zimatulutsa 190 PS. Thupi ndi miyendo ya RunX ndi Fielder n'zofanana kwambiri ndi Corolla wamba, ndiye mashoko ndi mabushi sasowa. Injiniyi ili ndi khalidwe lake: ikatentha bwino n'kudutsa 6,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi), mavavu amatseguka mokulirapo, kulira kwake kumasintha ndipo galimoto imakankha mwadzidzidzi. Zimenezi amazitcha lift. Ikapanda kuchita zimenezi, kawirikawiri timabawuti tiwiri togwira shafuti ya marokala tathyoka, vuto lodziwika pa injini zoyambirira, kapena kasefa ka oyilo wopita kumeneko katsekeka. Timabawutito sitidula, koma kutulutsa kachidutswa kothyokera mkati kumafuna makaniko woleza mtima. Injiniyi salola kuti oyilo achepe ngakhale pang'ono.

Toyota Altezza, yopangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, ndiyo imene achinyamata ambiri amaisirira chifukwa imakankha ndi matayala akumbuyo. RS200 ili ndi injini ya 3S-GE ya 210 PS pa ya manual, pamene AS200 ili ndi 1G-FE ya masilinda 6 ndi 160 PS. Zonse ziwiri zili ndi lamba wa taiming'i woyenera kusintha pa makilomita 100,000 aliwonse. Ndi galimoto yokoma, koma ndi yolemera, imamwa mafuta, ndipo pamchenga ndi pamatope matayala akumbuyo amangozungulira pamodzimodzi. Mabolojointi ake akutsogolo am'munsi muwayang'anitsitse, chifukwa akaguluka tayala limapindikira mkati galimoto ikuyenda.

Injini za 2ZZ-GE, 3S-GE ndi M16A ya Swift Sport anazipangira petulo wa octane yokwera, wosaphulika msanga akapanikizidwa mu injini. Kunja kukatentha, mukamakwera mtunda pa giya yaikulu, zimatha kumveka ngati timiyala tikugundana m'chitini. Mukamva zimenezo tsitsani giya, musaikakamize.

Pali zina zimene ndi bwino kuzisiya ngati thumba ndi lopyapyala. Mazda RX-8 ili ndi injini ya rotary imene imadya oyilo mwachibadwa, ndipo ikatha kompuresheni amakaniko oti n'kuitsegula ndi owerengeka. Subaru Impreza WRX ndi Starlet Glanza V zili ndi turbo yokalamba, ndipo Subaru imafuna matayala onse anayi ofanana kukula ndi kutha kwake, apo ayi mumawononga difu yapakati, imene imagawa mphamvu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. BMW E36 ndi E46 zimayenda mokoma zedi, koma zosungira madzi zake zambiri ndi zapulasitiki zimene zimauma n'kusweka, ndipo injini yake ikawira kamodzi hedi imatha kupindika. Pa Golf GTI ya Mk5 pali kachitsulo kokankha pampu ya mafuta kamene kamadyeka mwakachetechete mpaka kuwononga kamshafuti.

Baji ya RS kapena RSi imagulidwa pamsika n'kumatidwa. Werengani kachitsulo kapena kapepala ka fakitale kamene kali mu boneti kapena pamphuthu ya chitseko. RunX yeniyeni ya 2ZZ-GE imayamba ndi ZZE123, Altezza RS200 ndi SXE10, AS200 ndi GXE10.

Kuitanitsa kunja kapena kugula pompano

Poitanitsa ku Japan, galimoto imatsikira ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe. Msonkho wa MRA umatengera mtengo, kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo yakale kwambiri imalipira gawo lokwera. Funsani chiwerengero cha msonkho musanatumize ndalama, chifukwa galimoto yooneka yotsika mtengo pa intaneti imatha kufika kuno itawirikiza. Pemphani pepala la ku okushoni: F5, F6 kapena MT ndiye kuti ndi ya manual, FA kapena AT ndi otomatiki, ndipo giredi R kapena RA ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Satifiketi yotulutsira galimoto ku Japan imasonyezanso makilomita amene inali nawo pamene inkapimidwa komweko, ndiye yerekezani ndi zimene zili pa dashibodi.

Kugula pompano kuli ndi ubwino umodzi waukulu, woti mumaiyendetsa musanalipire. Koma mapepala akhale oyamba. Nambala ya chasisi yokhomedwa pathupi ndi ya injini zifanane ndi za mu blue book, chilembo ndi chilembo. Pamalo pa nambalayo pakaoneka powotcherera kapena popalidwa, tsanzikani. Dzina la mu blue book likhale la amene akukugulitsaniyo, ndipo avomere kupita nanu ku Road Traffic kukasintha umwini. Galimoto ya nambala zakunja, kapena imene inalowa mosalipira msonkho, ngongole yake ya MRA idzagwera inu. Madobadoba olonjeza kuti mapepala adzatsatira pambuyo musawapatse khobidi.

Kuiyang'ana ili chiimire

Panganani kukumana m'mawa, ndipo nenani kuti asailize. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, wina akubisa kuvuta kulira kapena utsi wa m'mawa. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mum'lipire tsiku lake.

Injini ili yozizira, tsegulani chotsekera rediyeta. Madzi akhale a mtundu wa kulanti, ofiira, apinki kapena obiriwira. Madzi a dzimbiri akusonyeza kuti ankangothira a pamjigo, ndipo madzi otere amasiya miyala m'timipata ta rediyeta n'kudya pampu ya madzi. Pansi pa chotsekera oyilo pasakhale phala loyera ngati chambiko. Solani chopimira oyilo, mum'fikise pakati pa zala: asakhale ndi tizitsulo tonyezimira, ndipo asakhale wolimba ngati uchi, chifukwa ena amathira oyilo wokhuthala pofuna kubisa kugogoda ndi utsi.

Tsatirani mawaya a fani. Mukapeza kuti fani anailumikiza kuti izizungulira nthawi zonse kiyi akangotsegulidwa, kapena thermostat (kavavu kotsegula ndi kutseka njira ya madzi a injini malinga ndi kutentha) anaichotsa, galimotoyo inali ndi vuto lowira ndipo sanalichize, anangoliphimba. Anthu ambiri kuno amakhulupirira kuti kudera lotentha thermostat n'njosafunika. Si zoona. Popanda iyo injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, kompyuta imathira mafuta ambiri, masilinda amadyeka msanga, ndipo pa 2ZZ-GE lift imatha kukana kulowa.

Tsegulani kiyi osaliza. Nyali za check engine, oyilo, batire, ABS ndi airbag ziyake zonse, kenako zizime injini ikalira. Imene siyaka n'komwe, babu lake analichotsa dala. Kamakina ka OBD2 kowerengera pafoni zolakwika zimene kompyuta ya galimoto yasunga kamathandiza, ngakhale galimoto zina zakale za ku Japan sizilankhula ndi timakina totchipa, ndiye wa zamagetsi wokhala ndi makina abwino ndi wofunika.

Wina alize, inu muli kumbuyo. Utsi wabuluu wongotuluka poliza n'kusiya ndi masili a mavavu, ntchito yapakatikati. Wabuluu wopitirira poponda moto ndi maring'i, ndiye kuti injini ikufuna kutsegulidwa. Woyera wokhuthala wosatha injini itatentha, pamodzi ndi thovu losalekeza mu rediyeta, ndi gasiketi ya hedi. Wakuda ndi mafuta ochuluka, kawirikawiri chifukwa cha sensa. Makaniko apime kompuresheni pa silinda iliyonse. Kusiyana kwa yokwera ndi yotsika kusapitirire 10 pa 100 alionse. Pa batire, injini ikulira, mita iwerenge pakati pa 13.8 ndi 14.4 volts.

Kenako ikwezeni padzenje la pagalaja. Yang'anani sampu ngati inaphwanyika kapena kumatidwa, njanji za chasisi ngati zili ndi makwinya, mashoko ngati akudontha, ndi mphira za ma CV joint (mfundo za mashafuti ozunguza matayala) ngati zang'ambika. Masipuling'i odulidwa ndi chopukusira pofuna kutsitsa galimoto ndi oopsa, amatha kuguluka pampando wake mukagwa m'dzenje. Kwezani kapeti wa mu buti ndi wa pansi pa mipando. Matope ouma, dzimbiri pa njanji za mipando ndi fungo la chinyontho zikusonyeza kuti galimoto inalowapo m'madzi osefukira, ndipo mavuto ake a magetsi sadzatha. Kamaginito kokutidwa ndi kansalu kakakana kugwira pa chitseko kapena pamwamba pa tayala, pamenepo pali phala lomatira ngozi.

Kilatchi ndi giyabokosi

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa ndi pamene mwini wakale amasiya zizindikiro za kayendetsedwe kake.

Choyamba tsimikizani kuti galimotoyo inabadwa ya manual. Zambiri zimene zikugulitsidwa zinali za otomatiki n'kusinthidwa. Zizindikiro zake ndi zilembo za P, R, N, D pa dashibodi, chopondera buleki chachikulu chodulidwa m'mbali, chopondera kilatchi chowotcherera mwachisawawa, ndi nyali ya check engine yosazima chifukwa kompyuta ikufunafunabe giyabokosi yakale. Yosinthidwa mwaluso imatha kuyenda bwino, koma mtengo wake utsike ndithu.

Injini ikulira, giya ili pa fulii, mvetserani. Phokoso lokhalapo kilatchi musanaiponde, n'kusiya mukaiponda, ndi bering'i ya mkati mwa giyabokosi, ndipo kukonza kwake n'kodula. Phokoso loyamba mukaponda kilatchi ndi release bearing, imene imasinthidwa pamodzi ndi kilatchi. Ponderani pansi, dikirani masekondi atatu, lowetsani rivesi. Ikakukuta, kilatchi sikulekanitsa bwino. Yang'anani ngati fuluwidi akudontha pa masilinda ake awiri, ina kuseri kwa chopondera, ina pa giyabokosi.

Tsopano kokani handibuleki zolimba, pamalo opanda munthu kutsogolo, lowetsani giya yachitatu, perekani moto pang'ono ndipo tulani kilatchi pang'onopang'ono. Injini izime nthawi yomweyo. Ikapitiriza kulira phazi mutalichotsa, kilatchi yatha. Chitani zimenezi kamodzi kokha. Kilatchi yogwirira pamwamba penipeni nayonso ili kumapeto.

Pamsewu, pa liwiro la 60, ikani giya yachisanu n'kuponda moto mpaka pansi. Muvi wa rpm ukathamanga liwiro lisakukwera, kilatchi ikuterereka. Galimoto ikamanjenjemera ponyamuka, mwina fulaiwilo inapsa, mwina oyilo akudonthera pa kilatchi kuchokera pa sili yakumbuyo kwa injini, mwinanso mamaunting'i atha.

Magiya muwayese kawiri, giyabokosi ili yozizira ndiponso itatentha. Kwezani mpaka 4,000 rpm, sinthani mwachangu kuchoka yoyamba kupita yachiwiri, kenako yachitatu, ndiye mutsike kuchoka yachinayi kupita yachitatu ndi yachiwiri. Kukukuta pa giya imodzi yokha ndi sinkulo (kamphete kofananitsa liwiro la magiya posintha) yodyeka, ndipo pa galimoto zothamangitsidwa imayamba kufa ndi yachiwiri ndi yachitatu. Pa giya iliyonse pondani moto n'kuusiya mwadzidzidzi, dzanja lili kutali ndi ndodo ya giya. Ikadumpha yokha kubwerera pa fulii, giyabokosi ikufuna kutsegulidwa. Ndodo yolobodoka koma yolowa bwino si nkhani yaikulu, ndi timabushi totchipa. Kilatchi yotha ndi chifukwa chotsitsira mtengo. Giyabokosi yodumpha magiya ndi chifukwa chosiyira galimotoyo, makamaka ngati ndi ya magiya 6, poti yolowa m'malo mwake siipezeka wamba.

Ulendo woyesa

Kuzungulira pa depoti sikukwanira. Mufunika mphindi zosachepera 30. Ku Salima, tengani M14 kulowera ku Mvera kumene kuli zitunda, masana dzuwa lili paliwombo, eyakoni itayatsidwa. Ku Nkhotakota, msewu wa M18 wolowera ku Kasungu uli ndi zokwera zoyesera zomwezo. Muvi wa kutentha ukhale pamalo amodzi. Mukafika pamwamba imani, injini izilirabe kwa mphindi 10, muone ngati fani ikudzuka yokha n'kusiya yokha. Potsika gwiritsani giya yachitatu, mumvetsere ngati difu kapena giyabokosi ikulira ngati mluzu, ndipo muyang'ane pagalasi ngati utsi wabuluu ukutuluka mukayambanso kuponda moto.

Pamalo oongoka opanda anthu, pondani buleki mwamphamvu. Chiwongolero chikanjenjemera, madisiki apindika. Galimoto ikakokera mbali imodzi, kalipa ina yagwira. Pabwalo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Kulira kwa "ta-ta-ta" ndi CV joint. Lift ya 2ZZ-GE muiyese pa giya yachiwiri, kutali ndi malo a malonda. M5 ndi yopapatiza m'malo ambiri, ili ndi milatho ya galimoto imodzi, akabaza, ana asukulu, mbuzi ndi ngolo, ndipo galimoto yothamanga siichepetsa mtunda woimira.

Sabata yoyamba mutagula

Musakhulupirire zoti sevisi yachitika kumene. Sinthani oyilo ndi fyuluta: 1NZ-FE imalowa malita 3.7, 2ZZ-GE malita 4.4. Sinthani oyilo wa giyabokosi ndi 75W-90, ndipo wolembedwa GL-4 ndi amene amakomera masinkulo. Giyabokosi za Toyota zazing'onozi zimalowa malita awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo muyambe mwamasula bawuti yothirira musanamasule yokhuthulira, kuopa kukhuthula kenako n'kulephera kuthira. Pa Altezza onjezani oyilo wa difu, amene ndi GL-5. Tsukani rediyeta, bwezerani thermostat ndi chotsekera chatsopano, thirani kulanti wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera a batire (distilled water), osati asidi. Fuluwidi wa mabuleki ndi kilatchi akhale DOT 4 watsopano, ndipo azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse chifukwa amayamwa chinyontho, chimene kunyanja kuno n'chochuluka. Ngati injini ndi ya lamba ndipo palibe umboni wa tsiku limene anasintha, sinthani lamba, matenshona ndi pampu ya madzi nthawi imodzi.

Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, wina wochokera ku Dwangwa konkuno. Pa galimoto ya zaka 20, ethanol amaumitsa mapaipi akale a mphira ndipo amakoka madzi mu thanki ikakhalitsa yosadzaza. Finyani mapaipi a mafuta, osweka asinthidwe, ndipo sinthani fyuluta ya mafuta. Petulo wa m'zigubu, amene anthu amathamangira mafuta akasowa, ndiye amapha mapampu ndi mainjekita. Mukakakamizika, sefani ndi nsalu yoyera yothina.

Pomaliza matayala. Marimu a mainchi 17 okhala ndi tayala lopyapyala la 40 kapena 45 (nambala yosonyeza kutalika kwa mbali ya tayala) amaoneka bwino pachithunzi, koma dzenje limodzi la pa M5 limatupitsa tayala n'kupinda rimu. Pa Vitz, Fit ndi Demio bwererani ku mainchi 15 ndi tayala la 55 kapena 60, mutatsimikiza kuti rimu sikukhudza kalipa ya buleki. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi lichotseni ngakhale mapanga ake akuoneka, chifukwa tala wotentha wa ku Salima amaphulitsa mphira wokalamba. Mu buti mukhale tayala lapadera lenileni lopopa, jeke yogwira ntchito, sipanala ya mawilo, lita imodzi ya oyilo ndi malita asanu a kulanti wosakaniza kale.